Mazira a Mikolongwe a m'sitolo ina pa Lunzu: ndawakhaliritsa kawiri

Amayi anzanga a kubanki m'khonde akhala akundifunsa komwe ndinazipeza nkhuku zakuda bii zimene zikuyendayenda kuseri kwa nyumba yanga. Ndikawauza kuti sindinagule nkhuku koma mazira, funso lotsatira limakhala lomwelo: "Ndiye anaswa angati?" Yankho lake lili pawiri, chifukwa ndagula kawiri m'sitolo imodzimodzi. Ulendo woyamba mazira 10 anandipatsa anapiye 8. Ulendo wachiwiri mazira 12 anandipatsa anapiye 5 okha, kuphatikizapo fungo loti mpaka lero ndikalikumbukira mtima umachita nseru. Sitoloyi ndi ya mbewu, feteleza ndi mankhwala a ziweto, ili pamsika wa Lunzu. Dzina lake sinditchula chifukwa pali zina zondiwawa zomwe ndinene, chikhalirecho mwiniwake ndi bambo amene ndimawalemekeza ndipo ndipitanso kukagula kwa iwo.

Ndiyambe ndi mwini ntchito. Thadzi langa lokhalira ana anga amalitcha Nachiphulusa chifukwa cha maonekedwe a nthenga zake. Ndi nkhuku yachikuda, yochepa thupi, yamiyendo yaifupi, ndipo anali ataswapo kale katatu mazira ake omwe. Kumapeto kwa Meyi anasiya kutetera. Madzulo nkhuku zina zikukwera pamtanda m'khola, iye ankatsala m'chisa. Ndikalowetsa dzanja ankatukumula nthenga zonse, n'kumalira kukhosi motsitsa, kenako n'kundijompha kumbuyo kwa dzanja. Nditamunyamula ndinapeza kuti wazula nthenga za pachifuwa, khungu lili poyera, lotentha ngati mbatata yongophula kumene. Woweta nkhuku aliyense amadziwa kuti zikafika apa ndiye kuti nkhuku yafuna kufungatira.

Kwa zaka ndithu ndinkalakalaka nkhuku za Mikolongwe. Dzina lake lenileni ndi Black Australorp, zinachokera ku Australia, koma kuno zinatengera dzina la malo a boma osamalirako ziweto a Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, komwe zakhala zikuchulukitsidwa. Malo ena otero ndi Bwemba ku Lilongwe ndi Choma ku Mzuzu. Ndi nkhuku zazikulu thupi, zimaikira mazira ambiri kuposa zachikuda, ndipo zimapirira moyo wa pabwalo kusiyana ndi zoyera za m'makhola zija. Ndinayesapo kugula anapiye a masabata 6 zaka zapitazo, koma popeza analibe mayi wowatsogolera, nkhuku zazikulu zinkawajompha pakudya, ndipo ena anapita ndi mphamba. Ndiye ndinaganiza kuti ulendo uno aswere pakhomo pano, pansi pa nkhuku yodziwa kale komwe kumachokera mphamba ndi komwe kumabisala likongwe.

M'sitolomo ndinalowamo kukagula mankhwala a ufa ophera utitiri. Mazirawo ndinangowaona pathireyi pansi pa kauntala, pamthunzi, lililonse lili ndi timalemba ta pensulo. Nditafunsa, bambo aja anati ndi mazira okhalira, amawabweretsera mlimi wina amene amaweta Mikolongwe ndi atambala ake, ndipo timalembato ndi tsiku lomwe dzira linaikiridwa. Mtengo wa limodzi unali pafupifupi kuwirikiza kawiri mtengo wa dzira lodyera la m'grosale. Ndinawerengera ndalama zanga n'kunena kuti ndikufuna 15.

"Mayi, thadzi lanulo n'lalikulu bwanji?"

Ndinawaonetsa ndi manja.

"Ndiye 15 achuluka. Awa ndi okulirapo kuposa achikuda. Dzira lotsala kunja kwa mapiko limazizira, ndiye mawa nkhuku potembenuza imalilowetsa m'kati n'kutulutsa lina. Mapeto ake onse amalawako kuzizira. Tengani 10."

Anafunsanso kuti nkhukuyo yakhala masiku angati m'chisa, ngati inaswapo kale, ndiponso ngati chisacho chili poti nkhuku zina zimafikapo. Wogulitsa wokana ndalama za mazira 5 chifukwa choganizira nkhuku yomwe sanaione n'komwe, ameneyo ndinamukhulupirira pomwepo. Anandisankhira okha a masiku awiri ndi atatu, n'kusiya awiri amene anali aatali mosongoka ndi limodzi lomwe linali ndi ndowe pachigoba. Anati dzira lokhalira silitsukidwa, chifukwa madzi amachotsa kautoto kachilengedwe kamene kamatseka timabowo ta chigoba kuti tizilombo tisalowe, ndiye lodetsedwa kwambiri kuli bwino kungolidya. Anawaika m'kakatoni muli utuchi, kosongoka kuloza pansi, n'kundiuza kuti m'minibasi ndikawanyamule pamiyendo, ndisawapereke kwa kondakitala, ndipo ndikafika kunyumba agone kaye usiku umodzi pamalo ozizira bwino, osati m'firiji, kuti zam'kati zikhazikike.

Tsiku lomwelo ndinagulanso dengu la nsungwi lokhaliramo nkhuku, lokhala ndi chivundikiro chake cholukidwa motayana kuti mpweya uzilowa. Za denguli ndinena pang'ono kutsogoloku, chifukwa ndilo linandiphera dzira loyamba.

Usiku wotsatira, nkhuku zitagona, ndinatenga mwana wanga wamkazi kuti andiunikire. Tinaika dengu pakona ya kakhitchini kakale komwe sitiphikiramonso, ndinathira dothi louma pang'ono pansi, phulusa lozizira pamwamba pake, kenako udzu wofewa wouma ndi masamba angapo a fodya monga ankachitira agogo anga. Nachiphulusa ndinamuthira ufa wa utitiri uja kunsi kwa mapiko ndi kumchira, n'kumusamutsa mumdima momwemo. Mazira ake anayi omwe anali atayamba kale kukhalira ndinawachotsa onse. Zinandipweteka, koma akanakhala limodzi ndi atsopanowo akanaswa masiku angapo patsogolo, ndipo nkhuku ikaona anapiye akuyenda imadzuka n'kusiya otsalawo. Mazira onse a m'chisa chimodzi ayenera kuyamba usiku umodzi. Ndinalowetsa limodzilimodzi pansi pake. Anandijompha kawiri, kenako anayamba kuwakoka ndi mlomo, kuwakankhira pansi pa chifuwa, n'kudzigwedeza uku ndi uku mpaka onse anabisika. Pakalendala ya kumpingo yomwe ili pabalaza ndinawerenga masiku 21 n'kuzunguliza tsikulo.

Dengu lija ndi lolukidwa bwino, nsungwi zake zopalidwa mosalala, ndipo chivundikiro chimakhala ndithu moti khoswe kapena mphaka sangachikankhe. Koma ndi lakuya kwambiri. Nkhuku ikamabwerera kokadya imakwera pamlomo pa dengu n'kudumphira pansi, pamazira penipeni. Tsiku lachitatu ndinapeza dzira limodzi litaphwanyika, chikasu chake chitapaka ena atatu ndiponso nthenga za pamimba. Ndinasintha udzu, ndinapukuta mazira opakidwawo ndi kansalu kouma mosakhula, kenako ndinatenga mpeni n'kudula mbali imodzi ya dengulo kuti pakhale khomo lotsika loti nkhuku izingolowa choyenda. Kuchokera pamenepo silinaswekenso lina. Ndinawauza bambo a m'sitolo kuti akauze wolukayo afupikitse mbali imodzi, koma pomwe ndinapitako komaliza madengu anali akadali akuya chomwecho. Mukagula, dulani musanaikemo mazira. Vuto lina la nsungwi ndi loti m'mipata mwake mumabisala utitiri, ndiye dengu likagwira ntchito kamodzi lifunika kulithira madzi owira n'kuliyanika padzuwa masiku angapo.

Pensulo ija inandithandiza mwanjira yomwe sindinkayembekezera. Ndili ndi nkhuku ina yakameta, yaliuma kwambiri, imene inatulukira kuti m'kakhitchinimo muli chisa chofunda. Nachiphulusa akangotuluka, iyo inkalowa n'kuikira dzira lake pamwamba pa enawo. Pakanapanda timalemba tija ndikanasokonezeka, popeza mazira ena achikuda amafanana mtundu ndi a Mikolongwe, onse ofiirira motuwa. Masiku awiri ndinachotsa dzira lopanda chizindikiro, tsiku lachitatu ndinayamba kutseka chitseko ndi mwala.

Nkhuku yokhalira imadzuka kamodzi patsiku. Wanga ankatuluka cha m'ma 9 koloko dzuwa likayamba kufunda, popeza unali mwezi wa Juni ndipo masiku ena chiperoni chinkagwa mpaka masana. Ankathamanga atatukumula nthenga, n'kuchita chitosi chimodzi chachikulu chonunkha kwambiri, chomwe amakhala atachisunga usana ndi usiku kuti asaipitse chisa. Kenako ankadya mwachangu, kumwa madzi, kugubuduka m'fumbi pang'ono, n'kubwerera pasanathe mphindi 20. Chimanga chosweka ndi madzi ndinkaziika pataliko pang'ono ndi dengu, osati pamlomo pake, kuti azikhala ndi chifukwa chodzukira n'kuwongola miyendo. Masiku amenewa nkhuku imaonda, lipombo limayezuka, ndipo mtima umafuna kumaidyetsa pachisa pomwepo, koma ikazolowera zimenezo imayamba kuchitira chitosi pamazira.

Usiku wa tsiku la 8 tinaunika mazira. Bambo aja anali atandionetsa kachitidwe kake m'sitolo momwemo: umayatsa tochi ya foni, n'kukunga chala chachikulu ndi chamkombaphala mozungulira kuwalako, n'kukhazika dzira pamwamba, mbali yobuntha itagunda kuwala. M'chipinda mukhale mdima wa ndiweyani. Dzira loyamba nditaliika, lonse linafiira ngati khala lamoto, ndipo m'kati munaoneka timitsempha tofiira totambalala ngati ukonde wa kangaude, pakati pali kadontho kakuda. Kadonthoko kanasuntha. Mwana wanga anafuula mpaka ndinachita kumutseka pakamwa kuopa kudzidzimutsa nkhuku. Mwa mazira 9 otsala, 8 anali choncho. Limodzi linali mbee, kuwala kukudutsa popanda chotchinga, kutanthauza kuti tambala sanalifikire. Limenelo ndinalichotsa. Dzira limodzi lopanda mbewu pa 10 si nkhani yodandaulira, ngakhale pakhomo pako pomwe zimachitika.

Kuyambira tsiku la 18 sindinagwirenso dzira. Nkhuku nayo inasiya kutuluka tsiku la 19. Madzulo a tsiku la 20 ndinagwada pafupi ndi dengu n'kutchera khutu, ndipo ndinamva timawu tochokera m'kati mwa zigoba, nayenso Nachiphulusa akuyankha motsitsa ngati mayi wotonthoza khanda. M'mawa mwake atadzinyamula pang'ono kuti atembenuke, ndinaona dzira limodzi lili ndi kabowo kakang'ono cha kumbali yobuntha, kamlomo kakutuluka n'kubwerera. Apa ndi pamene manja amayabwa. Mwanapiye akaboola chigoba amatha kukhala maola ambiri, mwina tsiku lathunthu, asanatuluke, ndipo nthawi imeneyo amakhala akumaliza kulowetsa chikasu m'mimba mwake, timitsempha ta m'kakhungu ka dzira tikuuma. Ukamusendera chigoba msanga amataya magazi n'kufa. Apongozi anga anali atabwera kudzacheza sabata imeneyo, ndipo atandiona ndikuzungulirazungulira pakhomo la kakhitchiniko anati, "Inu amake mwana, bwerani mudzasankhe nyemba kuno. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndinapita kukasankha nyemba.

Kutacha tsiku la 22, timitu tinali tikusuzumira m'nthenga. Anapiye 8, akuda pamsana, pakhosi ndi pamimba poyera ngati avala malaya am'kati. Zigoba ndinazichotsa kuti zisaitane nyerere ndi linthumbu. Sindinafulumire kuwapatsa chakudya, chifukwa chikasu chija chimawasunga tsiku limodzi kapena awiri. Madzi ndinaika m'chivundikiro cha ndowa, n'kuponyamo timiyala kuti wina asamire.

Chakudya cha anapiye, chick mash, ndinagulanso m'sitolo yomweyo. Chimene ndinakondwera nacho n'choti amapima pakilo. Thumba la makilogalamu 50 silingathe ndi anapiye 8 lisanachite nkhungu, ndipo ndalama zake si zamasewera. Ndinatenga makilogalamu 5. Chinali chouma, chonunkhira chimanga ndi soya, chopanda zibuluma. Chimene sindinakonde n'choti amakuthirira m'jumbo wopanda chizindikiro chilichonse, pomwe matumba a chakudya cha anapiye, cha nkhuku zokula ndi cha zoikira amakhala moyandikana, ndipo maonekedwe ake ndi ofanana. Cha nkhuku zoikira chimakhala ndi laimu wambiri wolimbitsa zigoba, amene amawononga impso za anapiye. Muziimirira pomwepo akamapima n'kuwerenga nokha zomwe zalembedwa pathumba. Atakwana mwezi ndinayamba kusakaniza ndi changa: madeya, soya wokazinga n'kusinja (wosakazinga samagayika bwino m'mimba mwa nkhuku), ndi fumbi la usipa lomwe amayi ogulitsa nsomba amandisungira. Chiswe ankachipeza okha, mayi wawo akupalasa.

Katemera wa chitopa ndiye chinthu chomwe sitoloyi imachita bwino koposa zonse. Amagulitsa wa I-2, wodontheza m'diso uja, amene amapangidwa konkuno ku labu ya boma ya zaziweto ku Lilongwe. Amamusunga m'firiji, ndipo pokupatsa amakulunga kabotoloko m'kansalu konyowa kuti kasatenthe panjira. Bambo aja anandionetsa tsiku lothera mphamvu ndisanafunse. Ndi dontho limodzi m'diso limodzi, kwa nkhuku iliyonse kuyambira mwanapiye mpaka tambala, ndipo umabwereza pakatha miyezi 4 iliyonse. Nkhuku yodwala kale siitemeredwa. Kabotolo kamodzi kamakwanira nkhuku zochuluka kuposa zanga, ndipo kakatsegulidwa sikachedwa kutha mphamvu, choncho tinasonkherana makomo asanu n'kutemera zonse m'mawa umodzi nkhuku zisanatuluke m'makola. Chitopa chimakonda nyengo yotentha, ndipo mu Seputembala chinapululadi nkhuku kutsidya kwa msewu. Kwathu sikunafe ngakhale imodzi.

Mwanapiye mmodzi anapita ndi mphamba sabata yachitatu, tsiku lomwe ndinawatulutsa m'mawa kwambiri ine n'kupita kuchigayo. Otsala 7 anakula.

Tsopano za ulendo wachiwiri. Nachiphulusa atawasiya anawo anaikira kanthawi, ndipo mu Okutobala anafunanso kukhalira. Ndinapita pa Lunzu mtima uli m'malo. Bambo aja kunalibe, anati apita kumaliro kumudzi, ndipo m'sitolo munali mnyamata. Mazira sanali pansi pa kauntala monga kale. Anali pashelefu pafupi ndi zenera, pansi pa malata, ndipo amene amadziwa kutentha kwa Lunzu mu Okutobala akumvetsa zomwe ndikunena. Panalibe dzira ngakhale limodzi lolembedwa tsiku.

"Achimwene, mazirawa abwera liti?"

"Ndi atsopano, mayi, musadandaule."

"Atsopano a liti?"

"A sabata yomwe ino."

Sanafunse za nkhuku, sanafunse kanthu. Ndinati ndikufuna 10, iye anati nditenge 12 andichotsera pang'ono. Anawaika m'jumbo, utuchi anati watha. Mtima wanga unakana, koma nkhuku inali itakhala kale masiku anayi pachisa chopanda kanthu, ndipo ndinaopa kuti ndikadikira sabata ina idzatopa isanafike kumapeto. Mazirawo pamaso anali okongola, osalala, aakulu bwino. Chikomekome cha mkuyu. Ndinalipira.

Dzira lokhalira limafuna lisapitirire sabata, likachuluka masiku 10, ndipo lisungidwe pozizira. Likakhala potentha kwambiri, kamwana kam'kati kamayamba kukula pang'onopang'ono masana n'kuima usiku, ndipo kamafooka kapena kufa nkhuku isanalikhalire n'komwe. Pounika tsiku la 8 ndinaziona ndi maso. Atatu anali mbee. Awiri anali ndi mzere wofiira wozungulira ngati mphete, popanda timitsempha, chizindikiro choti kamwana kanayamba kenako n'kufa. M'mazira angapo kampata ka mpweya ka kumbali yobuntha kanali kakakulu kuposa mmene kamayenera kukhalira pamasiku amenewo, umboni woti dziralo lakhalitsa, ndipo mwa limodzi kankayendayenda ndikalipendeketsa. Ndinachotsa asanu. Limodzi linali lakuda mosadziwika bwino, ndipo ndinalisiya poganiza kuti mwina ndi chigoba chokhuthala chabe.

Masiku omwewo utitiri unabuka. Kutentha kumauchulukitsa msanga, ndipo nkhuku yokhala malo amodzi masabata atatu ndi chakudya chake chosavuta. Ndinazindikira nditaona Nachiphulusa akuimirira pamazira, akudzikanda, osafuna kukhala pansi, ndipo nditatulutsa dzanja m'chisa tinthu tofiira tinali tikuyenda pamkono. Utitiri ukachuluka nkhuku imatha magazi, ina imathawa chisa, ina imafera pomwepo. Apa ufa wa m'sitolo uja unagwira ntchito yake. Ndinawotcha udzu wonse, dengu ndinalisintha ndi katoni yatsopano, ndinathira ufa pankhuku ndi pansi pa udzu watsopano motsatira zolembedwa papaketi, osauwaza pamazira penipeni, ndipo patatha masiku awiri anakhazikika. Paketi yake ndi yaing'ono koma yandikwanira maulendo onse awiri.

Tsiku la 16 masana ndinamva kuphulika ngati wina waponda chubu cha pulasitiki. Linali dzira lakuda lija. Linali losukusa, ndipo linaphulikira pansi pa nkhuku. Zobiriwira zinamwazika pamazira onse ndi pamimba pake. Ndinamanga mpango pamphuno, ndinasintha udzu kachiwiri, ndinapukuta mazira ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda pang'ono popeza pouma sizikanachoka, nkhuku ndinaipukutanso, uku ndikupemphera kuti isanyanyale. Inabwerera. Ndikanena kuti nkhuku yachikuda ndi yopirira, ndimanena za tsiku limenelo. Mwa 6 otsalawo anaswa 5, wina anafera m'chigoba ataboola kale. Ndipo mwa asanuwo, awiri anatuluka ndi timizere tofiirira pamsana, ndipo pano akula ndi nthenga zofiira m'khosi. Amenewo si Mikolongwe yeniyeni, kwinakwake tambala wachikuda analowerera.

Ndinabwerera kusitolo ndi zithunzi pafoni. Bambo aja anali atabwera. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula, kenako anati mlimi wawo wa nthawi zonse nkhuku zake zinachepetsa kuikira, ndiye iwo kulibe mnyamata analandira mazira kwa munthu wina. Anapepesa. Ndalama sanabweze, anati dzira likatuluka m'sitolo sangadziwe zomwe lakumana nazo panjira ndi pachisa, ndipo mfundo imeneyo ndikuimvetsa ngakhale inandiwawa, chifukwa thireyi ya pazenera ija ndinaiona ndi maso anga. Analonjeza kuti ulendo wotsatira adzandipatsa mazira 5 aulere. Thireyi inali itabwerera pansi pa kauntala, pensulo itamangidwa ndi ulusi pambali pake.

Ndiye amayi anzanga mukandifunsa ngati mungakagule kumeneko, ndikuti pitani, koma mukapeze mwiniwake. Ngati pamazira palibe tsiku, kapena thireyi ili padzuwa, bwererani ndi ndalama zanu, nkhuku yanu ikhalire mazira ake omwe ulendo umenewo. Funsani ngati ndi a mlimi wawo wa nthawi zonse. Tengani kakatoni ndi utuchi kapena mankhusu a mpunga kuchokera kunyumba, musadalire kuti mukapeza. Ndipo konzekerani kuti Mikolongwe imadya. Singakhute ndi kupalasa kokha ngati zachikuda, madzulo imafuna madeya ake, apo ayi imangokula msinkhu osaikira. Katemera ndi ufa wa utitiri mutha kugula tsiku lililonse, ngakhale kwa mnyamatayo, bola muone nokha kuti kabotolo katuluka m'firiji.

Mwa 7 a ulendo woyamba, 4 ndi misoti ndipo 3 ndi atambala. Atambala awiri ndinagulitsa pa Khirisimasi, ndipo mtengo wa mmodzi unaposa ndalama zonse zomwe ndinalipira pa mazira, dengu ndi chakudya cha mwezi woyamba. Wachitatu ndamusunga. Akaima padzuwa nthenga zake zakudazo zimanyezimira mobiriwira, ndipo ndi wamtali kawiri kuposa mayi amene anamufungatira. Misoti inayamba kuikira mu Disembala, ndipo pano m'mawa uliwonse ndimatola mazira atatu, tsiku lina anayi. Ndayamba kuwalemba tsiku ndi pensulo ndisanawaike m'lichero kuchipinda kozizira. Dzulo madzulo Nachiphulusa sanakwere pamtanda, ndipo nditalowetsa dzanja m'chisa anandijompha. Ulendo uno ndimuikira 5 aulere aja ngati ali ndi tsiku, ndi 5 a misoti yanga, ndidzaone pounika kuti a timitsempha achuluka mbali iti.